Mphumu yandiyamba ndili wamkulu kale: ndi fulawa wa kuntchito kapena utsi wa kunyumba?

Wabuledi wa ku Kanyama

Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi nkhani ya chifuwa changa, mwina alipo ena amene anadutsamo andigawireko nzeru.

Ndimagwira ntchito pa bekale ina yaing'ono cha ku Matero, muno mu Lusaka. Gawo langa ndi la pa mikisa: kunyamula matumba a fulawa a makilogalamu 50, kukhuthulira m'makina, kuthira yisiti, shuga, mchere ndi improver (kaufa kothandiza buledi kufufuma bwino). Timalowa usiku kuti pofika m'mamawa buledi ndi mabanzi zikhale zili m'makireti. Ndinakulira ku Katete ndipo chifuwa chobanika sindinkachidziwa n'komwe. Mpira ndinkamenya, kumunda ndinkalima mpaka dzuwa kupendeka. Zaka zoyambirira pa bekale panalibe vuto. Kenako kunayamba kuyetsemula ndikangong'amba thumba, mamina amadzimadzi, maso kuyabwa ndi kufiira. Kuyambira nyengo yozizira yapitayi chatsikira m'chifuwa. Ndikaweruka, pofika pokwerera basi m'chifuwa mumakhala mukulira likhweru, ndipo ndikagona kunyumba chifuwa chouma chimandidzutsa mpaka kukhala tsonga pabedi kufunafuna mpweya.

Kukiliniki anandiyeza makhololo, TB sanaipeze. Anati ndi mphumu, n'kundipatsa inhela yabuluu ya salbutamol. Kuthandiza imathandizadi, koma ndikuipopa pafupifupi tsiku lililonse ndipo siikhalitsa.

Mayi akunyumba akuti ndi fulawa basi. Mnzanga wa pa uvuni akuti iye wakhala mu fulawa zaka zambiri kuposa ine ndipo sakhosomola, ndiye vuto lili kumene ndimakhala. Kunena zoona, kwathu nako si kwabwino. Timachita lendi zipinda ziwiri ku Kanyama. Chiyambire vuto la magetsi la mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, tinazolowera mbaula, ndipo mu Juni ndi Julaye imalowa m'nyumba kuti ana awothe. Nthawi ya mvula khoma la kuchipinda limanyowa kuchokera pansi, kuseri kwa wadiropu kuli bii ndi nkhungu. Madzulo aneba amawotcha zinyalala, mapulasitiki ndi matewera omwe. Mu Ogasiti mphepo imalowetsa fumbi la mumsewu ngakhale chitseko chili chotseka. Udzudzu timathamangitsa ndi koyilo. Mwana wathu wamkazi wa zaka 6 nayenso wayamba kukhosomola usiku, ndipo izi ndiye zikundisowetsa mtendere.

Nditapita kumudzi kumaliro n'kukhalitsako pang'ono, chifuwa chinamasuka, inhela osaikhudza, chonsecho tinkagona panja pafupi ndi moto. Koma kumeneko ndinali kutali ndi zonse ziwiri, bekale ndi Kanyama yemwe, ndiye sindikudziwa koloza chala.

Ntchito sindingasiye, ndi imene imalipira lendi ndi sukulu. Zosamuka ndalama palibe. Abwana ndikuopa kuwauza, angati wodwala akapume kunyumba, pageti pali anyamata ambiri ofuna malo. Ndingadziwe bwanji chimene chikundipweteka? Nanga munthu wopeza movutikira angachitepo chiyani, kunyumba ndi kuntchito?

Amake Mapasa, Chawama

Pepani achimwene. Za fulawa ayankhe odziwa, ine ndinene za m'nyumba, chifukwa mmodzi mwa mapasa anga ali ndi mphumu kuyambira ali wamng'ono ndipo nyumba yathu siisiyana ndi yanuyo.

Mbaula sindikunena kuti muitaye, tonse nsima tikuphikira pa makala. Koma iziyatsidwira panja, kutali ndi khomo, ndipo zoyatsira moto ndi pulasitiki, zidutswa za patapata kapena parafini zithe. Utsi wambiri ndi wa poyamba paja makala akadali akuda, nthawi imeneyo mwana asayandikire. Kuphika kukhale pakhonde kapena pabwalo. Zowotha m'nyumba mutatseka zitseko ndiye musiyiretu. Makala ngakhale atafiira kuti psuu osaoneka utsi, amatulutsabe mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka komanso wosanunkha, ndipo nyengo yozizira siitha osamva za anthu opezeka atafa m'tulo mbaula ili pambali. Ine ana ndimawaveka majuzi awiri ndi masokosi, kumapazi n'kuwaikira botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje. Mabowo a mpweya a pamwamba pa mawindo aja, amene ambiri amawatseka ndi manyuzipepala kukazizira, atsegulidwe.

Tsache louma m'nyumba limangodzutsa fumbi kuti mulipume bwino. Ine ndimakolopa ndi madzi, mashelefu ndi mawindo ndimapukuta ndi kansalu konyowa, pabwalo ndimayamba ndawaza madzi otsala pochapa. Polishi wapansi ndinasiya, chifukwa mwanayu amabanika ndisanamalize ndi chipinda chimodzi chomwe. Apongozi anga ankadandaula kuti simenti yatuwa, nyumba ikuoneka yosasamalika, koma ataona mdzukulu wawo akugona mpaka m'mawa nkhaniyo anaileka okha.

M'matiresi, m'mapilo ndi m'mabulangete mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya timakoko ta khungu lathu, ndipo zitosi zake ndi zimene zimautsa chifuwa. Timeneti sitifa ndi madzi ozizira, pamafunika otentha ofika madigiri 60. Nsalu za pabedi ndimaziviika m'madzi otentha sabata iliyonse, matiresi ndimatulutsa pa dzuwa la masana. Kukung'untha akung'unthe wina, wodwalayo ali kutali. Mabulangete amene agonera m'sutikesi kuyambira chaka chatha asafundidwe asanachapidwe, chimodzimodzi zovala za pa salaula.

Koyilo ichoke, mankhwala opopera udzudzu achokenso, mugone mu neti. Taganizani, koyilo imafuka usiku wonse m'chipinda chotseka, pafupi ndi mphuno za mwana. Mphemvu ndi makoswe nazo zimautsa mphumu, ndiye mbale zisagone zosatsuka ndipo ufa ukhale m'chidebe chovindikira.

Khoma lonyowalo, kokani wadiropu ndi bedi kuti pakhale mpata wodutsa mphepo. Nkhunguyo atsuke amayi ndi sopo kapena jiki wothira madzi ambiri, mawindo ali otsegula, inu ndi mwana muli panja. Jiki asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, zimatulutsa mpweya woopsa. Koma ngati kunja madzi amadikha m'mbali mwa khoma, nkhungu idzabweranso. Kumbani kangalande mvula ya Novembala isanafike, ndipo alandilodi muwaitane aone ndi maso awo.

Za aneba owotcha zinyalala ndi zovuta, sindikunamizani. Ine ndinapita kwa amayi oyandikana nawo nditamutenga mwanayo, ndinawapempha aike khutu pamsana pake amve okha mmene akupumira. Kuwotcha sanasiyiretu, koma mapulasitiki amapatula, ndipo asanayatse amandiitana kuti nditseke mawindo a mbali imeneyo.

Mwana wanuyo pitani naye kukiliniki sabata ino, musadikire kuti abanike kaye.

Mdala wa pa Uvuni

Aphwanga, ine ndinalowa m'bekale nthawi ya boma la chipani cha UNIP, anthu akadaima pa mizere kudikira buledi. Zimene mwafotokozazi ndaziona kwa anzanga angapo ndipo zimayenda momwemo: mphuno ndi maso zimatsogola, chifuwa chimatsatira patapita miyezi kapena zaka. Zonse zimene anena Amake Mapasa chitani, makamaka chifukwa cha mwana. Koma kwa inuyo, ine ndikugwirizana ndi akazi anu.

Mnzanu wa pa uvuni asakusokonezeni. Ambiri amagwira fulawa mpaka imvi osamva kanthu, koma thupi la wina limafika podana naye, ndipo likadana naye, ngakhale kafumbi kochepa kamakwanira kutseka chifuwa. Komanso wa pa uvuni amalandira zokandakanda kale. Wopuma fumbi ndi inu a pa mikisa. Improver ija musaiderere poona kuti mumathira pang'ono: muli mankhwala otchedwa amylase, odziwika bwino kuti amayambitsa mphumu kwa ophika buledi.

Usiku wina tayesani izi. Zimitsani nyali ya m'chipinda chosakanizira, muyatse tochi ya foni cham'mbali, mnzanu akhuthule thumba monga mwa masiku onse. Mudzaona mtambo ukukwera kupitirira mutu wake, ndipo ngakhale atamaliza n'kuchokapo, timadontho toyera tidzakhala tikuyandamabe m'kuwalako. Timeneto ndi timene timafika m'mapapo.

Zambiri zochepetsa fumbi sizilira ndalama, ndi kagwiridwe chabe. Thumba musalikhuthule kuchokera paphewa. Lowetsani kukamwa kwake m'kati mwa mbale ya mikisa, muzilikweza pang'onopang'ono. Likatha musalikung'unthe kuti mupulumutse kotsalira, lipindeni mofatsa kukamwa kuli pansi. Apa ndi pamene anyamata ambiri amadzipwetekera, chifukwa thumba lopanda kanthu limaoneka ngati lilibe vuto. Mikisa iyambe pa spidi yotsika mpaka fulawa yense atanyowa, ndipo ngati ili ndi chivindikiro chigwire ntchito. Patebulo musamwaze fulawa moponya ndi dzanja. Gwiritsani kasefa pafupi ndi tebulo, kapena pakani mafuta pang'ono pamene zikutheka. Pansi palani ndi chopalira kenako mukolope, tsache louma ayi. Ovolosi musaimenye ndi manja poweruka. Itsale kuntchito, kapena ipite kunyumba m'pulasitiki yomanga n'kulowa m'madzi. Sambani ndi kumutu komwe musanagone, chifukwa fulawa wa m'tsitsi amathera pa pilo ndipo mumagona naye tsiku lonse.

Mamasiki abuluu a nthawi ya Covid aja fumbi limalowa m'mbali. Funani yolembedwa FFP2 kapena N95 m'mashopu a hardware m'tauni, igwire bwino pamphuno, ndevu zikhale zometa. Imathandiza, koma munthu amene thupi lake ladana kale ndi fulawa masiki yokha simupulumutsa.

Ndiye nkhani ya abwana simungaizembe. Musapite ndi pakamwa pokha, tengani kalata ya adokotala. Yambani ndi zimene iwo amamva msanga: fulawa wouluka ndi wogula, ndipo wantchito wodziwa kayezedwe ka zinthu sapezeka pageti. Pemphani kusinthana malo, mupite kopakira, kodula buledi kapena pa galimoto yoperekera. Lamulo lili kumbali yanu. Mu 2010 dziko lino la Zambia linakhazikitsa lamulo la Occupational Health and Safety Act, lonena kuti wolemba ntchito ateteze umoyo wa antchito ake, ndipo a Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe lopereka chipukuta misozi kwa antchito, saona za ovulala okha, amaonanso matenda obwera chifukwa cha ntchito. N'chifukwa chake m'buku lanu la kuchipatala mulembedwe ntchito imene mumagwira. Anzanga amene anachoka pa mikisa msanga ndimakumana nawo akuyenda bwinobwino. Mmodzi amene anaumirira, lero sangakwere masitepe osapumira panjira, ndipo zimandiwawa ndikamuona.

Zikadzafika posintha ntchito, musathawire ku chigayo, ku makola a nkhuku, kopenta magalimoto, kapena kwa akalipentala a pa Alick Nkhata Road ndi a matabwa ku Buseko. Utuchi wa mukwa ndi penti yopopera nazo zimayambitsa matenda omwewa.

Mnyamata wa pa Soweto

Akulu, ine ndinamva kuti inhela munthu akaiyamba sasiya, mapapo amaizolowera. Bwanji osafukiza masamba a bulugamu ndi mandimu mutafunda bulangete, n'kumamwa tiyi wa jinja ndi uchi? Amalume anga ankatero. Ndipo ngati pakhomo pali mphaka, asalowe kuchipinda.

Anamwino Opuma, Chilenje

Mwanangu wa pa Soweto, za mphaka wanena zoona, koma za inhela ndikutsutsa ndi mtima wonse, chifukwa mawu amenewo ndaona akupweteketsa anthu. Inhela siizolowereka. Munthu akamaifuna kawirikawiri ndiye kuti matenda sakuthandizidwa mokwanira. Tiyi wa jinja amwe, palibe choipa, koma satsegula chifuwa chotseka. Kufukiza ndiye ayi: fungo lamphamvu la bulugamu limabanikitsa ena kuposa poyamba, ndipo ana opsa ndi mphika wa madzi owira ndawamanga mabala ndi manja angawa.

Bambo a ku Kanyama, pa mphumu pamachitika zinthu ziwiri. Timachubu ta mpweya ta m'mapapo timatupa m'kati n'kudzaza makhololo, ndipo minofu yozungulira timachubuto imafinya. Inhela yabuluu imangomasula minofuyo kwa maola 4 kapena kupitirira pang'ono, kutupa sikukhudza. Kudalira yokhayo kuli ngati kupopa tayala la njinga lobooka osamata chigamba. Yochotsa kutupa ndi ina, kawirikawiri yabulawuni, ya beclomethasone, yopopa tsiku lililonse ngakhale mukumva bwino. Kuyambira 2019 malangizo a GINA (bungwe la padziko lonse loona za mphumu), omwe madokotala a m'mayiko ambiri amatsata, amati munthu wamkulu wa mphumu asathandizidwe ndi yabuluu yokha. Amene akuifuna kupitirira kawiri pa sabata, kapena kumaliza mainhela 3 pa chaka, ali pangozi yodzabanika kwambiri tsiku lina. Inu mwapitirira kale pamenepo. Bwererani, muwauze kuti mukupopa tsiku lililonse ndipo chifuwa chikukudzutsani. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 262 miliyoni anali ndi mphumu ndipo 455,000 anamwalira nayo, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka ngati lathu, kumene anthu sapeza mankhwala oyenera msanga.

Pa funso lanu lenileni, kubanikira kunyumba sikutanthauza kuti vuto lili kunyumba. Mphumu ya kuntchito nthawi zambiri imaluma patapita maola munthu ataweruka, ndiye mumapuma fulawa ku Matero n'kukadzuka ndi befu ku Kanyama. Mwa akuluakulu 6 amene mphumu yawayamba atakula, pafupifupi mmodzi imakhala yochokera kuntchito, ndipo ophika buledi ali m'gulu la oyamba. Njira yolekanitsira ndi iyi: tchuthi chikubwerachi musapite ku Katete. Khalani pakhomo pomwepo, m'fumbi ndi m'utsi womwewo. Chifuwa chikamasuka, n'kuyambiranso mutabwerera pa mikisa, yankho mwalipeza. Gulani kope la sukulu muzilemba tsiku, ngati munali kuntchito, kangati mwapopa, kangati mwadzuka. Ngati mungapeze kachipangizo kouzira kotchedwa peak flow meter, m'mafamase akuluakulu kamapezeka, muziuzira kanayi pa tsiku kwa masabata 4, masiku a ntchito ndi opuma omwe, n'kulemba manambala. Kope limenelo adokotala amalikhulupirira kuposa kufotokoza kwa pakamwa. Yambirani pa chipatala cha Kanyama, ndipo pemphani akutumizeni kwa madokotala a za m'chifuwa ku zipatala zazikulu za UTH kapena Levy Mwanawasa.

Samalaninso ndi mankhwala ogula pa kantemba. Aspirin, ibuprofen ndi diclofenac zimautsa mphumu kwa anthu ena, ndipo a BP monga propranolol ndi atenolol amatha kutseka chifuwa. Kulikonse kumene mukulandira mankhwala nenani kuti muli ndi mphumu. Fodya asasutidwe m'nyumba mwanu kapena pamalo antchito. Kusuta pa malo opezeka anthu ambiri kunaletsedwa m'dziko muno mu 2008, ndiye musachite manyazi kumuuza munthu atuluke.

Amayi akunyumba adziwe izi: mukamalephera kumaliza chiganizo popanda kupumira, pakhosi ndi pakati pa nthiti pakamalowa m'kati popuma, milomo ikamatuwa kapena kuda, kapena inhela ikapanda kugwira, si nthawi yodikira kuti kuche. Popani yabuluu ija kamodzikamodzi mpaka ka 10 muli tsonga, uku akufuna galimoto ya kuchipatala.

Wabuledi wa ku Kanyama

Zikomo kwambiri nonse. Adala, tochi ija ndayesa usiku wathawu, ndipo mnyamata amene amandithandiza anangogwira pakamwa ataona zimene timapuma. Matumba tayamba kupinda. Ndikaganiza bwino, Loweruka ndikapuma, pofika Lamlungu madzulo ndimakhala ndikupeza bwino ngakhale mbaula ikuyaka pakhonde. Kope ndagula, tchuthi ndapempha.

Amayi anamwino, ndili ndi mafunso awiri. Akazi anga akuopa inhela yabulawuniyo, anamva kuti ili ndi steroid ndipo imatupitsa thupi. Chachiwiri, mwanayu akamupeza ndi mphumu, adzatha bwanji kupopa ndi kukoka mpweya nthawi imodzi, poti ngakhale akulu zimativuta?

Anamwino Opuma, Chilenje

Auzeni amayi mtima ukhale m'malo. Zotupitsa nkhope ndi mapiritsi a prednisolone akamwedwa kwa nthawi yaitali. Mu inhela mankhwala ndi ochepa kwambiri ndipo amapita kumapapo kumene akufunika. Chimene chimachitika kwa ena ndi mawu kusasa kapena timawanga toyera m'kamwa, ndipo izi zimapeweka mukachukucha m'kamwa ndi madzi n'kulavula mukangomaliza kupopa. Siigwira tsiku lomwelo, imafuna masabata angapo, ndiye musaitaye poganiza kuti ndi yachabe.

Za mwana, pali chida chotchedwa spacer, kachubu kokhala pakati pa inhela ndi pakamwa kuti mankhwala azipumidwa mosathamangira, ndipo inunso muzichigwiritsa ntchito. Chikasowa, botolo la pulasitiki la zakumwa la 500ml limagwira bwino lomwe, madokotala a ana ku Cape Town analiyesa n'kutsimikiza. Litsukeni ndi sopo wa mbale, liume lokha osalipukuta m'kati. Kumatako kwake boolani bowo lofanana ndi kukamwa kwa inhela, ilowe mothina, ngati pali mpata mumate ndi tepi. Gwedezani inhela, mwana avumate kukamwa kwa botolo, popani kamodzi, apume bwinobwino kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Ngati adokotala alemba kupopa kawiri, gwedezaninso n'kubwereza, osati kupopa kawiri nthawi imodzi. Koma musamupatse yanu asanapimidwe. Chifuwa cha usiku kwa mwana chimatha kukhala china, ndipo muno mu Lusaka TB timayamba taichotsa kaye. Popita tengani khadi lake la kusikelo ngati likadalipo, botololo munyamulenso kuti anamwino akuonereni ngati bowo mwaboola bwino.